Kalata ya Fumbi

Kuno ku Moatize mdima sutsika kumwamba,
umanyamuka pansi, n'kudzagona pa zovala zoyanika.
Ndakhala pakhonde kalasi ya madzulo itaweruka,
kope pantchafu, ndi dikishonale wopanda chikuto
amene chiswe chinamudya masamba oyamba,
ndiye Chingerezi changa chimayambira pakati.

Ndikulembera mabwana a kumgodi.
Chipwitikizi cha kusukulu amachimvera pakamwa pa womasulira,
Chinyanja chimene ndinatsika nacho ku Ulongwe
amachiyesa phokoso la pamsika.
Chatsala ndi chinenero ichi,
chimene ndakhala nacho miyezi isanu ndi iwiri yokha,
ngati mlendo amene sindinadziwe chimene chimamukwiyitsa.

Aphunzitsi a Zefelino Sandramo
anandibwezera pepala loyamba litafiira ngati chilonda.
Akuti: Felizibeta, walemba kuti fumbi ndi loipa.
Mvula yochedwa ndi yoipa.
Ndiwo zopanda mchere ndi zoipa.
Liwu lokwana phazi lililonse
limavuka ukayamba kuthamanga.

Ndiye ndinabwerera kukasaka.
Ndinapeza mawu anayi atagona tsamba limodzi
ngati ana a mimba imodzi,
koma powayesa palilime, lililonse mtima wakewake.
Loyamba likuti fumbi limasowetsa mtendere:
ilo bwana angalimeze ndi khofi, osatsamwa.
Lachiwiri likuti limadetsa.
Adzatitumizira sopo.
Lachitatu likuti limapha,
ndipo dzanja langa linalifuna, linalifunitsitsa,
koma Jelasio wanga ali moyo,
ndi uyo akutsokomola kuseri kwa katani,
ndipo wokuza nkhani kamodzi
samukhulupiriranso ngakhale atanena kuti kwacha.
Lachinayi ndi lalifupi, losadzionetsera,
limanena za chinthu chodya thupi pang'onopang'ono
monga anankafumbwe m'thumba la chimanga.
Ndinalitola limenelo.

Ndinalembanso kuti ana ambiri akudwala.
Aphunzitsi anazunguliza liwulo, n'kufunsa m'mbali: angati?
Ndinapsa mtima masiku awiri.
Lachitatu ndinayenda khomo ndi khomo,
kuyambira kwa mayi Dolotiya ogulitsa malambe
mpaka kunyumba zoyang'ana njanji.
Makumi awiri ndi atatu.
Nambala ilibe katchulidwe kolakwika,
palibe amene angaiseke.

Chovuta chinali kumapeto.
Pali liwu lopempha, lofika chogwada, manja m'mwamba,
pali lina lolamula, lomenya tebulo,
la anthu okhala ndi maloya.
Ine ndimafuna la pakati,
loima chilili, loyang'ana munthu m'maso,
losaloza chala koma losachoka pakhomo.
Ndinalipeza usiku, sitima ya malasha ikudutsa,
mawindo akunjenjemera, nyali ikuphethira.
Ndinalitchula kasanu mpaka linasiya kundiluma lilime.

Kenako ndinazula onse a "mwina"
amene ndinawadzala chifukwa cha ulemu.
Analipo asanu ndi mmodzi.
Ndinasiya mmodzi yekha,
pamene ndithu sindikudziwa.

Mawa ndidzaipereka pageti.
Mlonda adzaiika pamulu wa makalata ena,
kapena pansi pa kapu ya tiyi, kaya.
Sindinganene kuti adzathira madzi pamsewu,
sindinganene kuti adzayankha.
Koma akadzaiwerenga sadzapeza pothawira,
mipata yonse ndaitseka ndi mawu oyeza.

Taonani tsopano, popinda pepala
chala changa chasiya chidindo chakuda pakona.
Ndasamba m'manja kawiri madzulo ano.
A Sandramo akanati ndikopere pena poyera.

Sindikopera.
Limenelo ndi liwu lokhalo m'kalata yonse
limene sindinalifunefune m'buku.